Mafoni Awiri a Amake Zuhura

Mumsewu wathu wa ku Ngamiani, mumzinda wa Tanga, munthu akalandira uthenga woti foni yake ikufuna apudeti sathamangira kudina. Amayamba wadzera pakhonde la Amake Zuhura kukafunsa ngati ndi bwino kutero kapena adikire kaye. Ine nyumba yanga inagundana ndi yawo, ndipo zitumbuwa zanga ndimakazingira pafupi ndi khonde lomwelo, ndiye zambiri ndinaziona ndekha.

Dzina lawo lenileni ndi Mwanahawa Mdoe. Anabadwira kumapiri a ku Lushoto, ndipo chikuku chinawapha maso ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo awo, mlimi wa kabichi wosamva za anthu, anakana zoti mwanayo azingokhala pakhomo, n'kumutumiza kusukulu ya ana osaona. Atamaliza sukulu anapeza ntchito pakampani ina ya khonje kuno ku Tanga, yolandira mafoni n'kumawalumikiza kumaofesi. Anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Manambala onse anali m'mutu, ndipo bwana akangotsokomola ankamudziwa asanatchule dzina. Komweko ndi kumene anadziwana ndi Bambo Semkiwa, dalaivala wa lole ya kampaniyo, amene ankaimba foni kuofesi katatu patsiku alibe nkhani iliyonse. Tsiku lina mayiwo anatopa nazo n'kuwafunsa kuti, "Kodi inu, mukufuna bwana kapena mukufuna ine?" Chaka chisanathe anakwatirana.

Mafoni a m'manja atachuluka, ntchito ija inatha. Iwo sanadandaule kwenikweni, poti kafoni kawo ka mabatani ankakaimba mwachangu kuposa ife openyafe. Chimene chinawakwiyitsa ndi mafoni agalasiwa. Tsiku loyamba kuigwira foni yotere anaisisita uku ndi uku n'kundibwezera.

"Anzanga, ichi ndi chiyani? Kambale kodyera? Palibe ngakhale kachiphuphu koti chala chigwirepo."

Atauzidwa kuti m'katimo muli mawu amene amawerenga chilichonse chimene chala chakhudza, anadzitsekera nayo masabata atatu. Potuluka anali ataiwonjezera liwiro lolankhulira mpaka ife tinkangomva ngati mbalame zikukangana, iwo akumva zonse.

Ana awo ndi awiri, Zuhura ndi Tatu, ndipo onse ali pabanja. Mwamuna wa Zuhura ndi Kombo, wogwira ntchito kubanki ku Dar es Salaam, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata. Mwamuna wa Tatu ndi Mhina, wogulitsa zitsulo za bajaji, njinga zamoto za matayala atatu zonyamula anthu, pafupi ndi siteji ya mabasi, amene mawu ake amafika iye asanafike. Mafoni amakonowa ali m'mafuko awiri olimbirana, ndipo fuko lililonse lili ndi anthu olilumbirira ngati timu ya mpira. Kombo ndi wa fuko lina, Mhina wa linalo. Kombo atagulira apongozi ake foni ya fuko lake, mwezi sunathe Mhina anafika ndi ya fuko lakenso. Amake Zuhura analandira zonse ziwiri, n'kusoketsa kachikwama ka matumba awiri kokoleka m'khosi. Mafoniwo ankangowatchula kuti ya Kombo ndi ya Mhina.

Kwa ife apudeti ndi nkhani ya mitundu yatsopano ndi tizithunzi tosintha maonekedwe. Kwa munthu wosaona zili ngati wina walowa m'nyumba mwako iwe kulibe n'kusuntha mipando, mwina bwino, mwina moti upunthwe. N'chifukwa chake Amake Zuhura ankati apudeti ikafika, amawiritsa tiyi wa jinja, n'kuyala mafoni onse awiri pamkeka. Iliyonse ankaipatsa ntchito zofanana: kutumiza uthenga kwa Tatu, kuitana bajaji, kuwerenga zolembedwa pabotolo la mankhwala a amuna awo. Akamaliza ankajambula mawu n'kutumiza kugulu la anzawo osaona, lomwe lili ndi anthu ochokera ku Muheza, ku Korogwe, mpaka ku Pangani. Ankalankhula mosazungulira: "Iyi yasintha malo oyankhira foni, koma zala zizolowera pofika mawa. Inayi dikirani kaye sabata imodzi." M'kupita kwa nthawi, ngakhale openya anayamba kupempha kuti awatumizireko.

Chaka chathachi mafuko onse awiri anatulutsa zatsopano motsatizana, Idi itatsala pang'ono. Pa tsiku la Idi banja lonse linasonkhana, nanenso anandiitana kumpunga wa pilawu. Mbale zisanachotsedwe n'komwe, akamwini aja anayambana.

"Zimene mwalandira inu chaka chino, ife tinali nazo dzana," anatero Mhina akunyambita zala. "Mumangotola zimene ife tataya, n'kuzipaka mafuta."

"Achimwene, kufulumira si kufika," anayankha Kombo. "Ife timadikira chinthu chipse. Inu mumadya chosapsa, kenako n'kumadandaula m'mimba."

"M'mimba mwa ndani? Amayi, tauzeni munthuyu zoona. Mwayesa zonse ziwiri inu."

Amake Zuhura anasamba m'manja mosafulumira, n'kutulutsa mafoni aja. Anatiuza kuti chachikulu chimene chabwera m'mafoni onse awiri n'chakuti tsopano ukajambula chinthu, foniyo imafotokoza zimene zili pachithunzicho. Anali atayesa kale pamapaketi a zokometsera ndiwo, koma pamunthu anali asanayese.

"Bambo a Zuhura, mwakhala pati? Talankhulani ndikupezeni."

"Ndili pano, mundijambule bwino," anatero Bambo Semkiwa, akuvula kapusi n'kukonza kolala ya mkanjo. Bambowa zaka zonsezi akhala akuuza akazi awo kuti anzawo onse akalamba koma iwo okha tsitsi likadali bii ngati la mnyamata wa kusekondale. Tonse mumsewu tinkadziwa nkhaniyo, ndipo panalibe anaulula.

Foni ya Kombo ndi imene inayamba. Inalankhula m'Chingerezi, ndipo mayiwo, amene Chingerezi anachizolowera kuntchito kuja, anatimasulira: "Ikuti bambo wakhala pampando, wavala mkanjo woyera, akumwetulira."

"Mwamva?" anatero Bambo Semkiwa. "Foni yaulemu. Kombo mwana wanga, unasankha bwino."

Kenako anajambula ndi ya Mhina. Iyo inalankhula nthawi yaitali ndithu. Mayiwo anaibwereza kachiwiri, nkhope ili phee.

"Iyi ikuti bambo wachikulire, wa imvi mutu wonse, wakhala pampando wabuluu. Ikutinso pamkanjo pake pali kadontho ka msuzi."

Zuhura anabisa nkhope m'mpango. Tatu anathawira kukhitchini, koma kuseka kwake kunkamveka mpaka kumsewu.

"Mwamasulira molakwika dala, amake Zuhura!" anakuwa bambowo. "Kombo, iwe wa kubanki, yanena choncho?"

Kombo anakanda kumutu. "Bambo, ine foni imeneyo sindiikonda, koma yanenadi choncho."

"Ndiye ndi yabodza! Mhina, wandibweretsera kazitape m'nyumba mwanga?"

Mhina, amene nthawi zonse sasowa chonena, tsiku limenelo anangoti, "Pepani bambo, ine ndimangogulitsa zitsulo."

Apa Amake Zuhura analephera kupirira. Anaseka mpaka misozi, akuwagwira amuna awo pabondo.

"Bambo a Zuhura, inu mumaganiza kuti mphuno yanganso inafa? Zaka khumi munkanunkha mankhwala odetsa tsitsi Lachisanu lililonse popita kumzikiti. Kenako fungo lija linangosiya. Ndinadziwa kuti mwatopa nazo. Ndinkangokusiyani, poti bodza lake linali lokoma kumva."

Bambowo anavala kapusi yawo. Kenako anang'ung'udza kuti, "Koma za msuzizo ikanatha kusunga pakamwa." Tonse tinagwa nako kuseka, iwonso anaseka nawo.

Akamwini aja sanaiwale mlandu wawo. Anafunsanso kuti tsono yapambana ndi iti.

"Ya Kombo imayankha msanga ndipo sichulutsa mawu," anatero mayiwo. "Ndikakhala pamsewu, bajaji zikundilizira mahutala, ndikufuna imeneyo. Ya Mhina imachedwa, koma siisiya kanthu. Ndikakhala pansi ndikufuna kudziwa zonse, ndikufuna imeneyo. Mafoni anuwa atengera eni ake mosemphana, wolongolola anagula yochedwa, wodekha anagula yothamanga. Chaka chamawa zisinthanso, mudzabwere mudzafunse."

Aliyense anapita kwawo akuti wapambana ndi iye. Mhina anauza anthu a pasiteji kuti foni yake ndi yokhayo yonena chilungamo, pomwe Kombo anauza a kubanki kuti apongozi ake aamuna alowa fuko lake. Izi zinali zoona, chifukwa kuyambira tsikulo Bambo Semkiwa salola kujambulidwa ndi ya Mhina asanavale kapusi.

Sabata yotsatira Amake Zuhura anandipempha kuti ndiwatsitsire chikwama cha zithunzi zakale chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. Zithunzizo ankazisunga zaka zonsezi ngakhale sanazionepo. M'mawa uliwonse, ine ndikukazinga zitumbuwa, iwo ankatulutsa chimodzichimodzi n'kuchiika pamaso pa mafoni onse awiri. Anamva za Zuhura ali wakhanda atavala chipewa chomukulira, za Tatu akulira pa tsiku loyamba kusukulu, za iwo eni ali pantchito atavala zomvera m'makutu. Zina ankaseka, zina ankazisisita ndi zala nthawi yaitali.

Lachinayi anafika pa chithunzi cha ukwati wawo. Mafoni onse awiri anagwirizana, kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Anati pali mkwatibwi akumwetulira, pali mkwati wowonda ataima chilili ngati msilikali, ndipo kumbuyo kwawo kuli mbuzi ikudya maluwa amene mkwatibwi wanyamula.

"Mbuzi?" anatero mayiwo. "Paukwati wanga panali mbuzi? Bambo a Zuhura! Tatulukani kuno!"

Bambowo anatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kusuzumira pachithunzicho.

"Inali ya amalume anu imeneyo," anatero. "Tinaidya mawa lake."