Tsiku Limene Ndinaliza Limu ku Mwase

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya atate. Nditamaliza giredi seveni dzina langa silinatuluke pa opita ku sekondale, choncho ndinakhala kwathu ku Mphamba zaka ziwiri, kulima fodya ndi kuliza belu la kutchalitchi. Belulo linali limu, chitsulo cha gudumu la lole, yopachika pamtengo. Wailesi itasiya kulankhula, atate anandituma nayo ku boma kwa a Zimba, amene ankakonza mawailesi kuseri kwa msika.

Ndikudikira, ndinaona zitsulo zikulendewera pamtanda kumbuyo kwa shopu: makasu akutha, chidutswa cha njanji, mbale ya pulawo ndi malimu awiri. Ndinatola bawuti n'kugogoda limu yaikulu pang'ono, kenako ndinaigwira ndi chikhatho kuti isandiulule. Bambo wina wamtali waimvi anatuluka m'shopumo. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anati ndibwereze. Anafunsa amene anandiphunzitsa kuzimitsa chitsulo chotero, ndipo ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti palibe. Amenewo anali a Mwale. Sabata yotsatira ndinali womenya zitsulo m'bandi yawo, ndikugona m'kachipinda kosungiramo mabatire.

Bandi yathu inalibe nyimbo. Anthu ambiri samvetsa ndikanena zimenezi. Sitinkapangana chimene tilize: wina ankayamba, ena n'kumamuyankha, ndipo chimene taliza lero mawa sichinkabweranso. A Mwale ankaliza lipenga. A Mtonga, mphunzitsi wopuma, anali ndi sakisofoni yakale yomangamanga ndi mphira za chubu cha njinga. A Zimba ankakhala pathebulo ndi matepi rekoda awiri. Tepi imodzi, yolumikizidwa kumapeto ngati lamba, inkazungulira m'makina onse awiri: oyamba ankajambula, achiwiri n'kubweza. Ukamenya kamodzi, mawuwo ankabwerera kawiri katatu akuchepa. Analinso ndi wailesi imene ankaisiya pakati pa masiteshoni kuti iziimba mluzu. Moto unkachokera ku batire ya lole.

Zitsulo tinkapachika ndi waya, chifukwa chingwe chimapha mawu. Cholemera chinkakhala kumanzere, chopepuka kumanja. Njanji ndinkamenya ndi bawuti, limu ndi mpini wokulunga mphira, makasu ndi masipoko a njinga. Maikolofoni inkakhala patali ndi limu ngati utali wa dzanja, apo ayi chokuzira mawu chinkalira ngati nkhumba.

Tinkaliza Lamlungu masana pabwalo la tavani. Aphunzitsi angapo ndi makalaliki ankamvetsera atakhala chete. Ena ankatiseka. Mayi wina wogulitsa nsomba ankafunsa sabata iliyonse kuti tidzamaliza liti kuchuna kuti tiyambe kuimba.

Malamulo a a Mwale anali awiri. Usalize usanamve mnzako. Ndipo palibe woleka mpaka lipenga litatsika. Vuto langa linali mantha. Pakakhala chete ndinkaona ngati ndalakwa ndine, ndiye ndinkathamangira kudzaza mpata uliwonse. Miyezi itatu a Mwale anandidzudzula ndi mawu amodzimodzi: "Mwana wanga, sukupuntha mapira. Menya kamodzi, usiye mpata." Tsiku limene anagwedeza mutu koyamba kuvomereza, ndinalembera atate kalata.

A Mwale anali a ku Kasungu. Anawoloka malire kalekale kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, anakwatira kuno a Nyankhata, anabereka ana atatu, koma chitupa cha dziko lino analibe. Boma lonse linkadziwa, ndipo palibe amene ankakamba. Nkhani yoteroyo imagona mpaka wina ataiponda. N'chifukwa chake tcheyamani wa chipani atabwera kudzanena kuti tikalize pamsonkhano ku Mwase, kumene kunkabwera mlendo wamkulu wochokera ku Chipata, a Mwale sanatsutse. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi ndipo sichinkapempha. Sankafuna ife kwenikweni, ankafuna chokuzira mawu cha a Zimba. Tinaphunzira nyimbo imodzi yachipani, ndipo a Mwale anatichenjeza kuti tsiku limenelo pasakhale wochititsa anthu kutiyang'ana kawiri.

Inali nthawi yotentha, mvula isanagwe. Anthu anawasonkhanitsa m'midzi kuyambira m'mawa, magolosale atatsekedwa, ana asukulu atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Chokuzira mawu tinachimangirira pamwamba pa mlongoti. Dzuwa linafika paliwombo mlendo asanaoneke. Nyimbo yathu ija tinailiza kanayi, mpaka amayi anasiya kuwomba m'manja. Tcheyamani anabwera thukuta lili kamukamu, n'kutiuza kuti tilize chilichonse, bola anthu asabalalike.

A Mwale anatembenukira kwa ife, msana kugulu, n'kukweza lipenga. A Zimba anatsegula kamluzu kawo. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti ndisawachititse manyazi a Mwale, ndipo ndinagwira mawu awo aja. Ndinamenya limu yaikulu kamodzi. Ndinadikira mpaka mawu atatheratu m'makina a a Zimba. Ndinamenyanso. A Mwale anatsinzina, n'kuyankha ndi liwu lalitali lapansi, lokoma kuposa onse amene ndinawamvapo.

Nditamenya kachinayi ndinazindikira chimene manja anga ankachita. Kwathu belu la mapemphero timaliza mofulumira. Kumenya kamodzi, kudikira kuti lithe, n'kumenyanso, timatero munthu wamkulu akamwalira. Ndinali nditaliza choncho kambiri, ndipo midzi ya ku Mwase imamva chimodzimodzi.

Gogo wina kutsogolo anaimirira n'kufunsa m'Chitumbuka, "Nyifwa ya njani?" Funsolo, lakuti maliro ndi a yani, linayenda m'gulu lonse. Amayi anayamba kumanga zitenje m'chiuno. Amene anasiya odwala kunyumba ananyamuka kuthamanga, ndipo wina kumbuyo anayamba kulira.

Ine ndinkaona zonsezi. Mwa anayife, ndine ndekha amene ndinayang'ana kugulu. Chikhatho changa chinali pafupi ndi limu. Koma lipenga linali m'mwamba, ndipo ndinali ndisanaphwanyepo lamulo la a Mwale. Ndinaopa kuti ndikaleka atsegula maso n'kundiyang'ana. Ndinamenya katatu kena.

Magalimoto a mlendo analowa pabwalo theka la anthu litachoka, otsalawo akulira maliro.

Anatitsekera m'kalasi ya pasukulu yapafupi. Anyamata achipani anaima pakhomo. Tcheyamani sanayambe ndi akuluakulu, anabwera kwa ine.

"Iwe mnyamata, ndani anakuuza kuti ulizile mlendo belu ya malilo?"

Ndikanati palibe, manja anga ndiwo analakwa. Akanandimenya makofi, mwina kundigoneka m'chitolokosi, n'kunditumiza kwa atate. Koma kuyambira ndili mwana, wamkulu akafunsa ndinkamupatsa yankho limene akulifuna. Ndinati a Mwale ndiwo anandiphunzitsa kumenya kamodzi n'kusiya mpata.

Sindinaname. Chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero. A Mtonga anayesa kufotokoza za kalizidwe kathu, koma anawauza kuti akhale chete. A Mwale anangoti n'zoona, anandiphunzitsa ndi iwo. Pamenepo tcheyamani anatambasula dzanja n'kuwafunsa chitupa.

A Mwale anasungidwa masiku atatu. Matepi rekoda, maikolofoni ndi chokuzira mawu zinapita ku ofesi ya chipani ndipo sizinabwerenso. A Zimba anauzidwa kuti azikonza mawailesi basi. A Mtonga anaika sakisofoni m'sutukesi. Zitsulo zanga zokha ndi zimene anazisiya pabwalo, poti kwa iwo zinali zinyalala.

M'mawa wa tsiku lachinayi a Nyankhata anandipeza kushopu. Sanandilonjere. Anangoti amuna awo akuwapititsa kumalire ndipo akundifuna. Ndinawapeza a Mwale atakhala kumbuyo kwa galimoto, opanda nsapato, lipenga lili m'thumba la ufa pamiyendo. Ana awo anaima chapatali. Ndinagwada pafumbi.

A Mwale anandifunsa ngati ndinadziwa chimene ndinkaliza ndikumenya. Ndinati ndinadziwa pa kachinayi. Anayang'ana manja anga.

"Womenya chitsulo ndikanamupeza paliponse," anatero. "Iwe ndinakutenga chifukwa cha chikhatho."

Galimoto inanyamuka. A Nyankhata anawatsatira atakolola, ndipo sindinawaonenso onsewo.

Ndinabwerera kumudzi, koma belu la kutchalitchi ndinalipereka kwa wina. Panapita zaka ndisanagwirenso bawuti. Pambuyo pake ndinalizako ndi magulu ena m'matauni, ndipo achinyamata ena aphunzira zitsulo m'manja mwanga. Amabwera ndi changu, akufuna kumenya. Sabata yoyamba sindiwapatsa mpini. Ndimamenya ndine, iwo ntchito yawo n'kuzimitsa, ndipo ndimawauza kuti asadikire kuti ndiwalole.