Ndinkawotcha Mabiringanya, Iye Akulemba Mayeso

Anzanga, Horațiu ndinakumana naye pamzere wa ku ofesi ya alembi, chaka changa choyamba pa yunivesite ya boma ku Iași, kuno ku Romania. M'chikwama ndinali ndi botolo la zacuscă, ndiwo ya mabiringanya ndi tsabola imene azakhali anatumiza pa basi, ndipo linkadontha mafuta.

"Achemwali, chikwama chanu chikulira misozi yofiira," anatero mnyamata wa kumbuyo kwanga. "Buledi ndili naye. Tipange mgwirizano?"

Tinakadyera pa benchi. Ine wosayankhulayankhula ndinaseka mpaka kutsamwa.

Mukudziwa mmene zimakhalira kuno. M'kalasi imodzi muli a buget, amene boma limawalipirira, ndi a taxă, odzilipirira okha. Chaka chikatha amatisanjanso potengera malikisi. Wa taxă akakuposa ngakhale pang'ono chabe, amatenga malo ako, iwe n'kutsikira kolipira.

Ine ndinali wa buget, koma cha kumchira. Horațiu anali wa taxă, cha kumutu.

Zimenezi ndinkazidziwa. Sindinaziikepo mtima.

Bambo anamwalira kalekale, amayi amasamalira gogo wina ku Italy. Popanda buget, bursary ndi bedi la ku hositelo, sukuluyi sindikanaiyamba n'komwe. Zonsezi ndinamuuza.

Ankanditcha Pulofesa. Sindinazolowere kukondedwa, moti ndinkangodzifunsa kuti waona chiyani mwa ine. Pa 1 Marichi ndinamumangirira mărțișor pamkono, kachingwe kofiira ndi koyera kaja, monga timachitira atsikana kumbali yathu ino. Manotsi anga onse anali ake. Chimene sanamve m'kalasi ndinkamufotokozera mpaka amve.

Statistics tonse tinapeza 7 pa 10. Mu Seputembala, asanatisanje, kumakhala mărire, mayeso obwereza kwa ofuna kukweza malikisi. Ndinamuuza kuti ndikalemba.

"Otilia, usadzivute," anatero. "Mdala wophunzitsa Statistics uja amadana ndi obwereza, chaka chatha anangowatsitsa onse. Ine sindikupita, ndiye iwe upitirenji? Tiye kwanu tikathandize azakhali kuphika zacuscă, amuone mkamwini."

Mkamwini... mawu amenewa ndi amene anandimaliza.

Ndinatsogola kumudzi. Iye anati anditsatira Loweruka akaweruka kotsuka magalimoto. Lachisanu, tsiku la mărire, ndinatandala ndikuwotcha mabiringanya pa chitsulo, zala zonse bii, azakhali akundiseka kuti ndikupatulira mwamuna mabotolo aakuluakulu okhaokha.

Loweruka sanabwere. Akuti abwana amukaniza.

Atatisanja, dzina langa linali loyamba pansi pa mzere wolekanitsa a buget ndi a taxă. Lomaliza pamwamba pa mzere linali lake. Statistics anali ndi 9.

Ndinamupeza podikirira tramu, sitima ya m'tauni.

"Ndiye mdala uja sanakutsitse?"

Anayang'ana nsapato zake. Anati bambo ake ananeneratu kuti chaka china salipiranso, ndipo anaona kuti pakati pa iye ndi malo a boma panatsala ine ndekha.

"Mmodzi wa ife amayenera kugwa basi. Iwe ndiwe wanzeru, ubwerera. Komanso amayi ako amalandira mayuro."

Mayuro amenewo, anzanga, amayi amawapeza posintha matewera a gogo wa eni ake.

Sindinalire pamaso pake. Ndinakwera tramu yolakwika, n'kukalirira kumapeto kwa njanji.

Bursary inapita. Bedi la ku hositelo linapita. Ndinatenga ngongole ku banki, amayi anasainira, ndipo chaka chimene ankati abwerera kumudzi chinasuntha. Pafoni sanandikalipire. Anangofunsa ngati ndikudya. Bola akanandikalipira.

Miyezi yambiri ndinkadziimba mlandu ndekha. Mwina ndine chitsiru. Mwina ndikanakhala iye ndikanachitanso chimodzimodzi. Ndinkaganiza zimenezi ndikugulitsa covrigi, timabuledi topiringiza, pawindo la bekari, mpaka tsiku lina anabwera kudzagula, atagwirana manja ndi mtsikana wa chaka choyamba. Anandiuza kuti chenji ndisunge.

Tsiku limenelo kudzikayikira kunandithera.

Ndinaona kuti kumuposa ndekha sikukwanira. Ndikakwera ine, angagwe wina, iye n'kupulumuka. Ndiye ndinasonkhanitsa anzanga a taxă amene anali pafupi ndi mzere, n'kuyamba kuwaphunzitsa ku laibulale. Manotsi omwe aja, kufotokoza komwe kuja.

Mmodzi wa iwo, Sânziana, anandifunsa kuti azindilipira zingati.

"Palibe," ndinatero. "Mungomuposa Horațiu."

"Iwe wofatsa iwe? Ndiye ndiyamba kumakupatsa moni ndi manja awiri!"

Ndikudziwa kuti ife tikamakwera ambiri, pali ena osalakwa amene akugwa naye limodzi. Zimandisowetsa mtendere nthawi zina. Kenako uthenga wa ku banki umalowa pafoni, ndimatsegulanso buku.

Mayeso atayandikira ananditumizira uthenga: "Pulofesa, manotsi uli nawo?"

Ndinamuyankha kuti asadzivute, mdala uja amadana ndi owerenga. Ine sindikuwerenga, ndiye iye awerengerenji?

Ku mărire chaka chino tinapita gulu lonse. Tinakhala mzere wa kutsogolo kwa Horațiu.

Dzulo atisanja. Ndabwerera pa buget. Horațiu ali pansi pa mzere, patali ndithu, ndipo maina amene ali pamwamba pake ndi a anthu amene ndinawaphunzitsa ndi manja angawa.

Ngongole yanga sinathe. Amayi akadali ku Italy. Sindinama kuti ndachira.

Koma m'mawa uno ndamusiyira kwa alonda a ku hositelo, kumene akulongedza katundu wake, limodzi la mabotolo aakulu aja ndinamupatulira. Ndinalisunga chaka chonse.

Zacuscă sichedwa kuwonongeka ikatsegulidwa, koma ikatsekedwa bwino imadikira.

Buledi agula yekha.