Mbande 10,001

Chaka chimene ndinapuma pa ukapitawo ku esiteti, ndinaganiza zobzala tiyi wangawanga m'munda wa mkazi wanga ku Khwethemule. Mbande zinabwera pa thirakitala, pepala likunena kuti zilipo 10,000. Ndinawerenga machubu onse kawiri, ndipo zinalipo 10,001. Pepalalo ndinalizunguliza ndi inki yofiira n'kuliika m'thiranki momwe ndimasungamo mapepala anga onse.

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ndi mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito. Anabwera kudzaona mbandezo uku akudya nthochi zanga.

"Tayani imodzi, alamu," anatero. "Mizere 100, uliwonse mbande 100, basi. Nambala yanuyi ndi pulayimu. Sigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe."

"Ine sindinatayepo mbande yamoyo," ndinayankha. "Zilowa zonse m'mizere yofanana, osatsala ndi imodzi yomwe."

"Nanga mukalephera?"

Mkazi wanga ndiye anayankha ali kukhitchini: "Akalephera, mapepala a m'thiranki aja ndiyatsira moto. Mphemvu zandikwana ine!"

Ndinavomera pamaso pa amayi asanu aganyu, ndiye kunalibenso kobwerera. M'thirankimo muli makalata anga onse a ntchito, makadi a sikelo a ana athu, ngakhale kalata yondiitana kukayamba kuthyola tiyi. Mkazi wanga anandipatsa mpaka Loweruka.

Ndinakhala pakhonde ndi pensulo, kulemba kuseri kwa makalendala akale. Za 2 ndi 5 sindinavutike nazo, poti nambalayo imathera 1. Nditagawa ndi 3 inatsala 2, ndi 7 inatsala 5, ndi 13 inatsala 4. Ndinaonanso kuti ukaiwerenga kuchokera kumapeto imatuluka chimodzimodzi. Nditawauza alamu, anaseka mpaka kutsamwa.

"Yatengera mwini wake! Kaya mutsogolo kaya kumbuyo, makani omwewo. Machesi tagula kale, alamu."

Komabe m'kunyoza kwawoko anandithandiza osadziwa. Anati ndisavutike kupitirira 100, chifukwa 100 kuchulukitsa ndi 100 ndi 10,000 kale. Pofika Lachisanu masana, 67 inali itakana, 71 itakananso. Zinatsala nambala za pulayimu zisanu zokha zoti ndiyese, ndipo mkazi wanga anali atayamba kupukuta fumbi pathiranki, akuimba nyimbo ya kwaya.

Ndinalemba 73. Mu 100 inalowa kamodzi, kutsala 27. Ndinatsitsa 0, mu 270 inalowa katatu, kutsala 51. Ndinatsitsa 1. Mu 511 inalowa kasanu ndi kawiri ndendende! Ndinabwereza katatu ndisanakuwe. Mizere 73, uliwonse mbande 137.

Alamu anavala magalasi, nayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Inu munayesa mpaka pati?" ndinawafunsa.

"Mpaka 47. Tiyi wanga ankazizira."

Mphunzitsi wathunthu, kuweruza nambala mlandu asanaumve wonse! Zimandipsetsabe mtima. Loweruka ndinawagwiritsa chingwe ndi zikhomo tsiku lonse pamtsetse wa mundawo, amayi aganyu akuwerenga mokweza mzere uliwonse mpaka 137, n'kumaululutira alamu akaterereka.

Madzulo ake ndinasonkhanitsa masamu anga onse, makalendala asanu ndi anayi, n'kukawaika m'thiranki. Chivundikiro chinakana kutsekeka.

"Ndimati achepe, tsopano achuluka," anatero mkazi wanga. "Sunthani, ndikhalepo pamwamba, inu mukhome loko."