Gemu ya alamu itafika pa kompyuta

Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Masambanjati. Ine ndine kalaliki mu ofesi ya esiteti yomweyo, tsiku lonse zala zili pa kompyuta. Msuweni wawo wa ku Joni anawatumizira makina a magemu olumikiza ku TV, ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankandigonjetsa pa mpikisano wa magalimoto, akazi anga akuonerera. Zinkandiwawa, sindibisa. Munthu wa mu ofesi kumaluza kwa wonyamula dengu kumsana.

Koma ndinali ndi pothawira. Eni gemuyo anaipanga kuti iziseweredwa pa makina amenewo basi. "Alamu, kogwirira kanuka manja anga sanakazolowere," ndinkatero. "Tsiku lomwe gemuyi idzabwere pa kompyuta, mudzadya fumbi." Ndinalalika zimenezi zaka ziwiri mtima uli m'malo, poganiza kuti tsikulo silidzafika.

Linafika, ndipo anandiuza ndi alamu omwewo ataona pafoni. Nditafufuza ndinapeza kuti ikugulitsidwa mu sitolo imodzi yokha ya pa intaneti, osati ija ndinazolowera. Ndinapeza pothawira pena.

"Pepani alamu, eni ake anasainirana ndi sitolo ina. Ine kumeneko ndilibe akaunti."

"Ngati alimi a tiyi a ku Khwethemule aja, osagulitsa masamba ku fakitale ina?"

"Ndendende."

"Nanga wogulayo amamuletsa ndani?"

"Tsegulani akauntiyo, bambo," anatero akazi anga. "Fumbi limeneli ndatopa kulimva ndi makutu."

Lamulungu lotsatira ndinayala laputopu patebulo. Alamu anali asanagwirepo kiyibodi chibadwire, moti anachita kufunsa mabatani okhotera. Tinkasinthana, aliyense kuthamanga yekha, wofulumira ndiye wopambana. Ulendo woyamba ndinawasiya kutali, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu owaseka nawo.

Kenako anakokera mpando pafupi, manja onse awiri pamwamba pa mabatani monga amachitira pa chitsamba cha tiyi. Ndinaiwala kuti zala zimenezo zimatola nsonga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osaphonya, mwini wake akucheza ndi mnzake. Anandigonjetsa kanayi motsatizana, pa kompyuta yanga, m'nyumba mwanga.

Powaperekeza anaima pamsewu, nandifunsa mwaulemu wonse.

"Kodi alamu, alipo makina ena omwe tikudikira?"

Ndinaganizako za pafoni, koma ndinaona akazi anga ataima pakhomo akumvetsera, ndipo ndinangoti ayende bwino.