Mabodza a Apulofesori Pita

Abambo anga, a Valdemar Pita, anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sindinawamvepo akunama m'kalasi. Anayamba kunama atapuma pa ntchito, imvi zili mbuu, ndipo ankanamira pa foni, anthu oposa zana akumva.

Anabadwira kuno ku Angónia, kufupi ndi mishoni ya Fonte Boa, ansembe ndiwo anawaphunzitsa kuwerenga. Nkhondo itafika povuta anathawira ku Dedza pamodzi ndi amayi anga, a Joana, ndipo kumeneko ankaphunzitsa ana a othawa nkhondo, akulemba ndi khala pa chitseko chakale. Atabwerera analowanso m'kalasi, akaweruka n'kumalima mbatatesi ndi nyemba ngati wina aliyense. Dera lonse limawatcha apulofesori, monga timatchulira mphunzitsi kuno. Ana tilipo awiri. Achimwene a Leonel anaphunzira za magetsi n'kukhazikika ku Maputo. Ine Natércia ndinatsala pakhomo, kusoka zovala ndi kukangana ndi abambo za mchere wa m'ndiwo.

Amayi anamwalira mu Januwale 2017, mvula ili pakati. Mudzi wathu ulibe magetsi mpaka lero, msewu unali matope okhaokha, ndipo panalibe galimoto yoti n'kudzatenga thupi kukalisunga kozizira. Achimwene anaimba ali m'basi, kuchonderera kuti tiwadikire. Abambo anadikira masiku awiri. Tsiku lachitatu azimayi amene ankakhala ndi thupi m'nyumba anawaitanira pambali, ndipo tinaika maliro m'mawa womwewo. Achimwene anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, n'kupeza mtumbira. Sanalawe kanthu, kutacha anabwerera. Kuyambira pamenepo abambo akaimba sankayankha. Ine ankandiimbira, koma ndikangonena kuti abambo ali pompano, foni inkayamba kuduladula.

Patapita zaka zisanu, a Arsénio, amene anaphunzira kwa abambo ndipo amagwira ntchito mu ofesi ku Ulongwe, anatsegula gulu pa Watsapu la ophunzira akale ndi aphunzitsi awo. Linayamba ndi mauthenga a maliro ndi zithunzi za ana obatizidwa, koma anthu ophunzira sakhalitsa osakangana. Nkhani inali imodzi: zitheka bwanji kuti chigawo chokhala ndi damu lalikulu pa Zambezi, ndi malasha ku Moatize, midzi yake izidyera mgonero ndi tochi ya pa foni? Ena ankati akoke mawaya, ena ankati awotche malasha, ena ankakumba mbiri ya Apwitikizi. Achimwene, amene analinso m'gulumo, ankati mudzi uliwonse ukhale ndi magetsi ake a dzuwa.

Abambo maso anayamba kuwavuta, motero salemba, amajambula mawu. Uthenga wawo woyamba unali wopanda chinyengo. Anangoti akukayika ngati mapanelo a dzuwa angapirire nkhungu ya mu Juni kuno kumapiri. Pasanathe mphindi khumi achimwene anayankha, nawonso ndi mawu, mphindi zinayi zathunthu, akuwatcha Apulofesori Pita ngati mlendo, n'kumawawongolera mfundo imodziimodzi. Abambo anakhala pakhonde n'kumvetsera kasanu ndi kamodzi. Tsiku limenelo khasu linagona kumunda.

Mabodza anayambira pamenepo. Abambo anauza gulu kuti panelo ikazizidwa imafa, pomwe foni yojambulirayo inali itangochoka pa waya wa panelo yathu ya padenga. Anati malasha a pansi akatha amabwereranso pakapita zaka makumi asanu. Anati damu lija linatsekedwa mu 1964, iwo omwe anandikwapulapo m'kalasi chifukwa choiwala 1974. Nthawi iliyonse achimwene ankalumphira ngati nkhuku pa chiswe, kuwatsutsa ndi manambala, nthawi zina mokalipa ndithu. Abambo ankakonzekera mabodzawo monga ankakonzekerera phunziro, m'kope, ndi pensulo. Bodza lopusa kwambiri ankalifufuta. Linkafunika lokhala ndi choonadi pang'ono, loti munthu wodziwa zinthu limuyabwe.

Ine ndinkaona ngati ndi ukalamba chabe, mpaka tsiku limene ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita ku Ulongwe kukagula ulusi. Anthu awiri a kutsogolo anatsegula uthenga wa abambo, galimoto yonse n'kumamva. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, wina n'kunena kuti mdalayo mutu unaima. Ndinali kumbuyo, ndikumva zonse. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo tsiku limenelo ulusi sindinagule.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza abambo akusankha mbewu ya nyemba.

"Abambo, anthu akukusekani m'shapa. Inu simukudziwa chaka cha damu lija, inuyo?"

"Ndikuchidziwa," anatero, osadzutsa mutu.

"Nanga mukudzinyozetseranji?"

"Ndikanena zoona, Leonel ayankha chiyani?"

Mawuwo ndinawamva, koma mkwiyo unali utanditseka makutu. Kwa milungu itatu sindinawapatse mpata. Ndinawakumbutsa dzina limene anamanga ndi choko zaka zonse zija. Ndinawauza kuti mwana safuna mtsutso, amafuna kumva bambo wake akudzichepetsa, ndipo akatero achimwene adzakwera basi tsiku lotsatira. Ndinalankhula ngati munthu wodziwa, chifukwa ndinkakhulupiriradi kuti ndikudziwa. Iwo ankangoti kamoto kakang'ono sasewera nako, kakazima n'kovuta kukoleza. Pomaliza anatopa nane, n'kuvomera kupepesa kwa achimwene.

Linali Lamulungu, titangochokera ku Misa, jekete asanavule. Ine ndinkaganiza kuti atumiza kwa achimwene okha, koma sindinawaonetse katumizidwe kake, ndipo iwo njira imene ankaidziwa inali ya m'gulu basi. Ndinali kukhitchini pamene ndinawamva akulankhula pang'onopang'ono, ndi mawu awo a m'kalasi.

"Leonel, mwana wanga, pa nkhani ya magetsiyi wolondola ndiwe, ine ndakhala ndikulakwa. Za amayi ako zija, ndinadikira mpaka pamene ndinathera. Undikhululukire. Bwera kumudzi."

Anthu zana ndi makumi awiri anamva nkhani ya m'nyumba mwathu. Anatumiza tizithunzi ta manja opemphera, ena mavesi, a Arsénio analemba ndime yaitali yokhudza chikhululukiro. Achimwene anatumiza kachithunzi ka chala chachikulu, osawonjezerapo liwu.

Unatha mwezi, kenako wachiwiri. Mtsutso wa magetsi unapitirira, koma achimwene sanalankhulenso. Abambo ankayenda ndi foni m'thumba la malaya mpaka kumunda, ikangolira n'kusiya khasu, n'kupeza kuti ndi uthenga wa maliro a munthu wina. Anaonda, lamba anaboola bowo latsopano. Chisoni chimene ndinali nacho sindingachifotokoze, pakuti ndinkadziwa amene anachititsa.

Tsiku lina akusamba ndinatenga foni yawo n'kulemba m'gulu kuti dzuwa la ku Angónia ndi lofooka chifukwa mapiri amalitchinga. Ndinati mwina bodza lingakonze zimene ndinaononga. Pasanapite nthawi foni yanga inalira. Anali achimwene, andilembera ine ndekha: "Natércia, bweza foni ya abambo. Iwo sanama mopusa chonchi."

Ndinaulula kwa abambo zimene ndinachita, n'kuwawerengera uthengawo. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

"Ndiye kuti ankadziwa," anatero. "Nthawi yonse ija ankadziwa, n'kumayankhabe."

Anaseka pang'ono, kenako anazungulira kuseri kwa nkhokwe ndipo anakhalitsako. Ine ndinaimbira achimwene pompo, n'kuwalalatira monga sindinalalatirepo munthu wamkulu kwa ine. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati kukangana za mawaya ankakwanitsa, koma zinazo sanakonzeke, ndipo sakudziwa ngati adzakonzeka. Anati tsopano gulu lonse likudikira kuona ngati akhululuke, ndiye akalemba chilichonse anthu adzamva zina.

Papita chaka ndi theka. Abambo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, chifuwa chimawavuta nyengo yozizira ikafika. Anabwerera ku kope lawo, ndipo mlungu uliwonse amajambula uthenga umodzi. Ambiri m'gulu anasiya kuwaseka, amangodutsa mwaulemu, zimene zimandipweteka kuposa kuseka kuja. A Arsénio anawaphunzitsa kuona mayina a amene amvetsera uthenga. Dzina la achimwene limakhalapo nthawi zonse, kawirikawiri loyamba, koma yankho silibwera.

Abambo sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikamasoka pakhonde amakhala pambali panga, magalasi pamphuno, akufufuta ndi kulembanso. Dzulo anandiwerengera bodza la mlungu uno, lokhudza mphepo ya pamapiri athu, n'kundifunsa ngati lili ndi mphamvu yokwanira kuti Leonel alephere kulipirira. Ndinati lili bwino, atumize.