Agogo Mbewe ndi Kaseti ya M'khitchini

Fungo la mafuta a makina osokera likandipeza, ndimaona agogo Mbewe, neba wathu wa ku Govan, kudziko la azungu komwe ndinakulira, atawerama pa wailesi ya kaseti akuidonthezera mafuta, mvula ikumenya zenera, nsomba zikupserera pachitofu iwo osalabadira. Mayi akapita kuntchito kuchipatala ankandisiya kwa iwowo. Munthu wosakhazikika chonchija sindinamuonepo: kukhala, kudzuka, kusuzumira panja, kukhalanso.

Pa unyamata wawo ankaimba gitala ya besi m'bandi ya azungu anzawo okhoma sitima zapamadzi. Ankaimba nyimbo za roko za kumwera kwa Amereka, zipewa zikuluzikulu kumutu, chonsecho ku Amerekako palibe anapondako! Nyimbo imodzi yokha anaijambula mongoyeserera m'khitchini momwemo, kenako bandi inabalalika.

Wailesi ikatafuna kaseti, ntchito yanga inali kuipota ndi bolopeni.

"Pang'onopang'ono, iwe! Muli agogo ako aakazi mmenemo."

Sankanama. Gitala ikangosiya kulira, chitseko chinkamveka kutseguka, kenako mawu a malemu akazi awo: "Abambo a Tadala, simukuchita manyazi? Mwana wagona!" Azungu aja n'kufa nazo nseko. Mawu a mayiwo sanatsale pena paliponse. Nyimbo yonse agogo ankangozungulira m'khitchini, kudikira kukalipiridwa. Tsiku lomwe kasetiyo inaduka kosalumikizikanso, sanadye.

Ndili kukoleji ndinamva kuti mwana wa woimba ng'oma m'bandi ija wapeza tepi yoyambirira ya nyimbo ija, kampani ina n'kuitulutsa pa intaneti. Ndinathamangira kwa agogo kuchokera ku Partick komwe ndinkakhala, foni kumanja, osayerekeza kuimvera ndekha.

Agogo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kuimirira pakati pa khitchini. Nyimbo inamveka mwaukhondo zedi, besi yawo ikugunda pachifuwa. Gitala inatha. Kunangoti zii.

"Sinathe. Kweza mawu."

"Yatha, agogo. Akuti achotsa phokoso lonse lakumapeto."

"Phokoso?" Anagwira mpando, koma sanakhale. "Ameneuja ndi mkazi wanga. Amayankhula ndi ine."

Ndinasowa poyang'ana. Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe.

Masiku ano anthu amaitamanda nyimboyo, ati ndi chuma chomwe chinabisika. Ine ndimaizimitsa isanafike kumapeto. Mwana wa woimba ng'oma uja ndamuimbira foni kumupempha tepi yosadulayo mpaka watopa nane; amangoti tepiyo ili m'katoni ina, ayang'ana. Ndikumuimbirabe, sindikudziwa kuti ndikuifuniranso ndani. Agogo tinawaika m'manda asanakalipiridwenso.