Kalata ya Zidindo Ziwiri

Zinayamba m'dzinja la 2016, pamene makampani awiri anapangana zoleka kugulitsa ufa wa tirigu ku bekale yaing'ono ya Stafford Kalua. Iye anakadandaula ku ofesi ina ya boma yoona za mpikisano pa malonda. Kumeneko anadinda kalata yake ya dandaulo n'kumutumiza ku ofesi ina, komwe anaidindanso n'kumubweza.

Bekale itatsekedwa, anafika ku Dubai pa 3 Malichi 2017, n'kuyamba ulonda m'dera la Al Barsha. Kalata ija inkakhala m'thumba la yunifomu. Mlendo akasochera, Stafford sankangomulozera khomo, ankamuperekeza mpaka akafike.

"Achimwene, khalas, zatha basi, tayani chipepalacho," ankatero Taibu, mlonda mnzake. "Mukufuna tidzakuikeni nacho m'manda?"

"Aboma sanachiwerengebe," iye ankayankha choncho.

Pa 12 Juni 2025 mkazi wa Stafford anaimba foni kuchokera kumudzi. Anati malamulo awakonza, madandaulo otere tsopano ali m'manja mwa ofesi imodzi, ndipo ikufuna mwiniwake akaonekere yekha. Abwana anamukaniza tchuthi, choncho kupita kunali kusiya ntchito.

Stafford anatulutsa kalata m'thumba, n'kubweza yunifomu. Anachoka ku Dubai pa 30 Juni 2025.